Kukonza Khirisimasi ya banja ndi ya mudzi pa tauni yaing'ono: kuyambira Okutobala mpaka Chaka Chatsopano

Khirisimasi ya malo ngati Mponela, Mitundu, Nathenje kapena Lizulu ili ndi zake zimene aliyense amaziyembekezera: mpunga wa nkhuku, thobwa lotsekemera, chovala chatsopano cha mwana, sewero la kubadwa kwa Yesu kutchalitchi, ana oyenda khomo ndi khomo akufuula kuti "Khirisimasi bokosi!", ndi mpira wa tsiku lotsatira. Koma zonsezi zimagwa m'kati mwa dzinja, anthu ali kalikiliki kupalira, nkhuni zitanyowa, ndalama ikulimbiranidwa ndi feteleza komanso fizi. N'chifukwa chake Khirisimasi yokoma siyambira pa 24 Disembala. Imayambira mu Okutobala, ndipo imapepuka mabanja angapo akasenzerana katundu wake.

Choyamba: werengani anthu, kenako gawani ndalama

Kumayambiriro kwa Okutobala khalani pansi pabanja, mulembe mayina a onse amene adzadye pakhomo panu pa 25 Disembala. Imbirani abale a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi a ku Joni, anene poyera ngati akubwera, ndi ana angati, komanso adzagona masiku angati. Pa anthu 5 alionse amene mwalemba onjezanipo mmodzi, poti tsikuli mlendo sabwezedwa. Miyeso yonse ya m'munsimu tayesera pa khomo la anthu 20, akulu ndi ana pamodzi.

Musanagule kanthu kalikonse, patulani ndalama zitatu zosakhudzidwa: fizi ya teremu yachiwiri imene imatsegulidwa mu Januwale, feteleza wobereketsa, ndi ya aganyu opalira. Chotsalacho ndiye cha Khirisimasi. Magulu ambiri a banki m'khonde amagawana kumapeto kwa chaka. Tsiku lomwelo mwalandira, lipirani fizi ngati sukulu ikulola kulipiriratu, gulani thumba la feteleza, ndipo musagone ndi ndalama yonse m'nyumba, chifukwa ikagona imayamba kutha ndi tizinthu ting'onoting'ono.

Abale otumiza ndalama pa Airtel Money, Mpamba kapena Mukuru muwapemphe atumize sabata yoyamba ya Disembala isanathe. Pa 23 ndi pa 24 maejenti a pa tauni yaing'ono amatheredwa ndalama zapamanja, munthu n'kungozungulira ndi nambala pafoni uku zinthu zikukwera mtengo pamsika.

Chachiwiri: nkhuku

Nkhuku yachikuda ikaduladulidwa bwino imatuluka nthuli 10 mpaka 12. Pa anthu 20 mukufunika nkhuku 4 ngati ndiwo ndi yokhayo, kapena 2 mpaka 3 ngati pali nyama ya mbuzi, kuphatikizapo ina imodzi yosungira Chaka Chatsopano. Gulani mu Okutobala mitengo isanakwere, koma dziwani kuti miyezi yotentha imeneyi ndi imenenso chitopa chimasesa makola. Ambiri amene amadya Khirisimasi ndi usipa anali nazo nkhuku, zinangofa mu Novembala.

Nkhuku yongogula kumene muisunge payokha masabata 2 musanaiphatikize ndi zinzake. Funsani alangizi a ziweto za katemera wa I-2, uja wodonthezera dontho limodzi m'diso. Amaperekedwa kwa nkhuku zonse, zazikulu ndi anapiye omwe, zisanadwale, ndipo amatenga pafupifupi masabata 2 kuti agwire mphamvu. Nkhuku imene yagwetsa kale mapiko, ikuwodzera, ikuchita chitosi chobiriwira kapena yapinda khosi, katemera saichiza. Imeneyo ichotsedwe m'khola, ndipo ikafa ikwiriridwe, osati kutayidwa kudzala kumene agalu adzaikoka.

Ngati mukufuna nkhuku zoyera zija zachizungu, zimakhwima pa masabata 6, ndiye anapiye akhale atalowa m'khola pofika pa 13 Novembala.

Chachitatu: mbuzi yogawana

Banja limodzi silitha mbuzi yonse nyama isanawonongeke, komanso mtengo wake ndi wolemera. Mbuzi yaikulu bwino imatuluka makilogalamu 12 kapena kupitirirako pang'ono, ndiye mabanja 6 atha kupeza makilogalamu 2 lililonse. Gwirizanani mu Novembala, msungichuma alembe m'kope dzina la banja lililonse ndi zimene lapereka, ndipo ikani tsiku lotsiriza kupereka. Amene sanamalize pofika tsikulo malo ake apatsidwe wina. Ngongole ya nyama yodyedwa kale imavuta kutolera, ndipo yadanitsa anansi ambiri.

Sankhani mbuzi yofula kapena yaikazi yosakhala ndi bere. Tonde wamkulu fungo lake silichoka ngakhale mutathira adyo wochuluka bwanji. Gulani kwa munthu wodziwika, pamaso pa mboni kapena ndi kalata ya amfumu a kumene mbuziyo ikuchokera, poti Disembala ndi mwezi wa akuba ziweto, ndipo wogula yakuba amamangidwa limodzi ndi wakubayo.

Musanazinge mugwirizane zinthu ziwiri. Choyamba, mutu, miyendo ndi chikopa zipita kwa yani: kwa osenda ngati malipiro awo, kapena zigulitsidwe ndalama ibwerere m'gulu. Chinanso, azinge ndani. Ngati pakati pa anansi kapena alendo anu pali Asilamu, pemphani Msilamu ndiye azinge mbuzi ndi nkhuku zomwe, kuti mbale yanu ikalowe m'nyumba iliyonse popanda wina kukayika.

Zingani madzulo a pa 24 kapena m'bandakucha wa pa 25. Yang'anani chiwindi ndi mapapo: zikakhala ndi mafinya, zotupa kapena nyongolotsi, musadye, ndipo itanani a zaziweto aone nyama yonseyo. Amene mukugawana nkhumba chekani mnofu wa pantchafu ndi kuyang'ana pansi pa lilime. Mukaona timatuza toyera tonga njere za mpunga, nyamayo ndi yoyambitsa njoka zam'mimba, isagawidwe.

Kagawidwe kosautsa mtima n'kosavuta. Yalani masamba a nthochi, konzani milu 6, mulu uliwonse ukhale ndi mnofu, fupa, kachiwindi, kamafuta ndi nthumbwana zofanana. Milu ikakwanira, munthu mmodzi atembenuke kuyang'ana kumbali. Wina aloze mulu n'kufunsa kuti, "Uwu ngwa yani?" Wotembenukayo atchule dzina asakuona. Mukatero palibe wonena kuti wakuti anakonderedwa.

Nyama yofunda musaimange m'jumbo, imachita thukuta n'kuyamba fungo pasanathe maola ambiri. Ikafika kunyumba iwiritseni ndi mchere nthawi yomweyo, kapena muilenge timizere, muithire mchere n'kuiwamba pamoto wa makala. Firiji musaidalire kwambiri, magetsi m'dzinja amazimazima.

Chachinayi: zouma ndi zovala

Mpunga umakololedwa chapakati pa chaka, ndiye pofika Disembala umakhala utakwera. Gulani mu Okutobala kapena Novembala. Kilombero wa ku Karonga ndi Faya ndiwo amakondedwa chifukwa cha fungo. Tapani dzanja kuchokera pansi pa thumba, osati pamwamba pokha, mununkhize, muone ngati suli wosweka kwambiri kapena wosakaniza ndi mtundu wina. Kilogalamu imodzi imakwanira akulu 6 tsiku limene anthu amadya mosaumira, ndiye pa anthu 20 konzani makilogalamu 4, ndi ena 2 osungira Chaka Chatsopano. Onjezani malita 2 a mafuta ophikira, makilogalamu 3 a shuga, mchere, masamba a tiyi, machesi, sopo ndi botolo la Sobo. Tomato, anyezi, kabichi ndi mbatatesi zokha ndizo zodikira pa 23. Tomato amadula m'dzinja, choncho 15 kapena 20 akupsa bwino akukwanirani.

Nkhuni ndi makala zilowe pansi pa denga Disembala asanayambe. Nkhuni zonyowa ndizo zimachititsa kuti chakudya cha masana chidyedwe dzuwa litapendeka.

Nsalu ipite kwa telala pofika pakati pa Novembala. Sabata ya Khirisimasi telala amalandira ntchito yoposa manja ake, ndipo diresi limatuluka lopanda zipi kapena silituluka n'komwe. Ku kaunjika pitani m'mawa wa tsiku la msika pamene akumasula belo. Nsapato za mwana yesani phazi lake ndi kachingwe kunyumba, muonjezeko chala chimodzi. Ndalama ikachepa, gulani nsapato zakuda zoti adzapite nazonso kusukulu. Chimene sitingalolere n'chakuti mwana wina avale chatsopano wina ayi. Mwana wamasiye amene mukulera, kapena wa achemwali amene akukhala nanu, alandire chofanana ndi ana anu, ngakhale zitatanthauza kuti aliyense apeza malaya okha.

Chachisanu: thobwa

Apa ndi pamene luso la pakhomo limaonekera, ndipo thobwa limayamba ndi chimera. Chikonzeni mvula isanakhazikike, chifukwa chimera chosauma bwino chimachita nkhungu ndipo thobwa lake limawawa.

Viikani makilogalamu 2 a mawere, mapira kapena chimanga chosathira mankhwala kwa tsiku limodzi kapena awiri, mukusintha madzi. Tsanulani, ikani m'thumba lonyowa kapena m'dengu lofunditsa masamba a nthochi, pamalo a mthunzi. Muziwaza madzi m'mawa ndi madzulo. Pakatha masiku 3 mpaka 4 timizu timakhala titatuluka. Yanikani pamphasa mpaka njere iziti gwa mukailuma, kenako kagayitseni. Mawere amapatsa thobwa mtundu wofiirira ndi kukoma kumene chimanga chokha sichifikapo.

Pa ndowa ya malita 20 mufunika madzi malita 18, mgaiwa makilogalamu 2, chimera kilogalamu imodzi ndi shuga kilogalamu imodzi.

Madzulo a pa 23 phikani phala la mgaiwa. Sungunulani ufawo m'madzi ozizira musanauthire m'madzi otentha kuti pasakhale mibulu, ndipo muzitakasa mpaka pansi pa mphika. Libwate mphindi 30 kapena kuposerapo, lipse ndithu. Phulani, lisiyeni lipole mpaka chala chotsuka chizitha kukhalamo mukuwerenga mpaka 5. Pamenepo thirani chimera pang'onopang'ono mukutakasa. Pakangopita kanthawi mudzaona phala lolimba lija likusungunuka, mthiko ukuyenda mopepuka, ndipo mukalawa lidzakhala litayamba kutsekemera lopanda shuga. Vundikirani, ligone.

M'mawa wa pa 24 libwezereni pamoto, liwire bwinobwino mphindi 20 mpaka 30 mukutakasa kuti lisapserere. Lipole, mulithire m'ndowa kapena mumtsuko wotsuka ndi madzi otentha, muike pamalo ozizira m'nyumba. Shuga musathiriretu. Muzithira m'gawo lokhalo limene mukupereka pa 25, chifukwa shuga amafulumizitsa kusasa.

Thobwa likalephereka, chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa izi. Mukathira chimera phala likadali lotentha kwambiri, mphamvu ya chimera imafa, ndipo thobwa limakhala lolimba, losatsekemera. Mukachedwa mpaka phala kuzizirira, limasasa usiku womwewo. Mukalumpha kuwiritsa kwachiwiri, pofika masana a Khirisimasi limakhala likuchita thovu. Chiwiya chimene munali mowa kapena thobwa lakale chimasasitsa latsopano msanga. Ndipo kapu imene munthu wamwera isaviikidwe m'ndowa: pakhale chikho chimodzi chotungira. Ndi kutentha kwa Disembala, thobwa lopitirira masiku 3 limayamba ukali, ana asapatsidwenso.

Chachisanu ndi chimodzi: za kutchalitchi

Sewero la kubadwa kwa Yesu ndi la ana ndi achinyamata, koma limafuna wamkulu mmodzi woliyang'anira. Yambani kukonzekera masabata 4 Khirisimasi isanafike, kawiri pa sabata, madzulo anthu ataweruka kumunda. Nkhani yake itengedwe pa Luka mutu 1 ndi 2 komanso Mateyu mutu 2. Mufunika Mariya, Yosefe, mngelo Gabrieli, olemba kalembera, mwini nyumba ya alendo, abusa, anzeru a kum'mawa, Herode ndi asilikali ake. Ana ang'onoang'ono onse otsala akhale nkhosa ndi angelo, pasapezeke wobwezedwa.

Herode ndi asilikali ake ndiwo amaseketsa anthu, ndipo akapanda kuikiridwa malire amadya nthawi yonse, kubadwa kwenikweniko n'kuchitika mothamanga anthu atatopa. Sewero lonse lisapitirire mphindi 40. Pa mbali zikuluzikulu konzani anthu awiriawiri, chifukwa malungo m'dzinja sachenjeza. Zovala n'zosafuna ndalama: zitenje, nsalu zoyera zofunda, zisoti zachifumu zodula pakatoni, ndodo za abusa. Mukagwiritsa ntchito khanda lenileni, mayi ake akhale pampando wakutsogolo.

Khola la udzu la m'sewerolo likhale kutali ndi makandulo, ndipo pafupi pakhale ndowa ya madzi. Ngati pali zokuzira mawu, batire lichajidwe dzulo lake kapena jenereta ikhale ndi mafuta, koma kwaya iphunzirenso kuyimba ndi ng'oma ndi zisekese zokha kuti magetsi akazima nyimbo isaime. Opita ku Misa ya usiku wa pa 24 kapena ku mapemphero a usiku aziyenda m'magulu ndi tochi, ndipo pakhomo patsale munthu wamkulu, popeza akuba amadziwa nthawi imene nyumba zimakhala zopanda anthu.

Mphakati, mlaga, amayi a Chigwirizano kapena a Mvano atolere mphatso sabata imodzi Khirisimasi isanafike: kapu ya mpunga, sopo, shuga, mchere, mtolo wa nkhuni. Lembani mayina a okalamba, odwala ndi ana okhala okha, osayang'ana mpingo wawo, ndipo mphatsozo zikafike pa 23 kapena pa 24 kuti nawonso aphike tsikulo. Mukafuna kukacheza kuchipatala, kambiranani kaye ndi oyang'anira za nthawi ndi zimene amalola kubweretsa.

Chachisanu ndi chiwiri: kuphika kwa tsikulo

Chigumu chiphikidwe pa 24. Sakanizani makapu 4 a mgaiwa, kapu imodzi ya fulawa, theka la kapu ya shuga, sipuni yaing'ono imodzi ya soda ndi kamchere. Kanyani nthochi 5 zakupsa kwambiri, muthire limodzi ndi masipuni aakulu 4 a mafuta ndi chambiko kapena madzi, mpaka zikhale ngati phala lolimba. Pakani mafuta m'poto, thirani, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo. Makala ambiri akhale pamwamba, pansi ochepa chabe. Pakatha mphindi 40 bayani ndi kamtengo: kakatuluka kouma, chapsa. Soda akachuluka chigumu chimafiira m'kati n'kumawawa, ndipo moto ukachuluka pansi chimapserera kunsi m'kati muli mwamuwisi.

Pa 25 moto uyake 4 koloko m'mawa. Cholinga n'chakuti ndiwo zonse zikhale zitapsa anthu asanapite kutchalitchi, pobwera pangotsala mpunga. Gawanani ntchito dzulo lake: otunga madzi, osesa pabwalo, ososola nkhuku, otsuka mbale. Anyamata ndi abambo atenge zawo. Si bwino kuti mayi yemweyo aphonye mapemphero chaka ndi chaka chifukwa cha mphika.

Nkhuku yachikuda ndi yolimba, siifuna kuthamangira mafuta. Iikeni m'poto ndi mchere ndi madzi ongofika pakati pa nyama, iwire pamoto wodekha ola limodzi kapena kuposerapo mpaka ifewe. Tsanulirani msuziwo m'mbale, musautaye. Kazingani nthulizo m'mafuta mpaka zifiire, thirani anyezi, kenako tomato, ndipo tomato akapsa n'kusiya mafuta pamwamba bwezerani msuzi uja, ubwate mphindi 10. Mukayamba ndi kukazinga, nyama imauma kunja n'kukhala yokanika kutafuna. Nkhuku yoyera ndiye yosiyana: imafewa msanga, ndipo mukaiwiritsa ola lathunthu imaphwanyika.

Mpunga upetedwe ndi kusankhidwa miyala dzulo lake. Tsukani kawiri kapena katatu. Pa kapu iliyonse ya mpunga ikani makapu 2 osadzaza a madzi. Madzi ayambe awira ndi mchere ndi timafuta, ndiye muthire mpunga, mutakase kamodzi kokha. Madzi akamauma pamwamba n'kuoneka timaenje, chotsani nkhuni zambiri, vundikirani, ikani makala pachivundikiro, mudikire mphindi 15 mpaka 20 osatsegula. Makilogalamu 4 ndi bwino kuwagawa m'miphika iwiri. Mphika umodzi wodzaza kwambiri umapserera pansi, pamwamba pali pambwembwe, ndipo kutakasatakasa kumausandutsa phala. Okalamba ena sakhuta mpunga, choncho kamphika ka nsima kasasowe.

Pogawa yambani ndi mbale zotuluka: ya agogo, ya anansi, ya wodwala. Zituluke chakudya chikadali chotentha, ana azipereka ndi manja awiri. Anansi amene sachita nawo Khirisimasi chifukwa cha chikhulupiriro chawo muwafunse mwaulemu ngati angalandire, ndipo akakana musakhumudwe. Kenako gawirani ana, aliyense nthuli yake m'mbale yake, chifukwa m'mbale ya onse wamng'ono amatsala ndi msuzi. Nthutumba ndi ya bambo wa pakhomo kapena mlendo wolemekezeka, ndipo ikasowa m'mbale anthu amafunsa. Khosi ndi zipalapasiro zisakhale gawo lokhalo la amene waphika.

Posamba m'manja thiriranani madzi ndi sopo, osati onse m'beseni limodzi. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unatiphunzitsa zimene chakudya cha pagulu chingachite m'dzinja. Madzi akumwa, osungunulira Sobo ndi otsukira kabichi wodya wosaphika akhale owiritsa kapena othira WaterGuard kapena klorini wa kwa alangizi a zaumoyo. Mapaketi angapo a Thanzi ORS akhale m'nyumba. Mpunga wotsala uchotsedwe mumphika, uyalidwe kuti uzizire msanga, ndipo mawa lake utenthetsedwe mpaka utuluke nthunzi. Ukachita kamadzi konanda kapena kafungo, utayeni.

Chachisanu ndi chitatu: masana a ana

Akadya, ana amafuna kukaonetsa zovala pamsika. Aloleni, koma mwadongosolo. Aziyenda m'gulu lokhala ndi wamkulu mmodzi wodalirika, aliyense ndi kandalama kake kochepa, ndipo abwere dzuwa lisanalowe. Asawoloke mtsinje mvula ikagwa kumtunda, ngakhale kwanu kuli ng'a, poti madzi amafika mwadzidzidzi. Asakwere atatu kapena anayi pa kabaza wa njinga yamoto, ndipo woyendetsa akamanunkha mowa atsike. Atsikana achisodzera asatumidwe okha kumalo omwera mowa kukaitana abambo awo.

Pakhomo sungani mbale ya maswiti, zitumbuwa kapena zidutswa za chigumu za ana obwera ndi "Khirisimasi bokosi!" Ndalama imatha ndi ana asanu oyamba, pamene chigumu chodula tizidutswa chimafikira onse.

Chachisanu ndi chinayi: mpira ndi magule a pa 26 Disembala

Tsikuli ndi la tchuthi, ndipo ndi limene limasonkhanitsa tauni yonse, a mipingo yonse ndi osapemphera omwe. Komiti ya anthu 5 mpaka 7, amayi ndi achinyamata alimo, ipangidwe kumayambiriro kwa Disembala. Iyambe yakaonekera kwa amfumu, ipemphe bwalo kwa aphunzitsi aakulu ngati ndi la sukulu, idziwitse apolisi ndi achitetezo cha m'mudzi.

Matimu 4 a mpira wamiyendo ndi 4 a ntchemberembaye ndi okwanira tsiku limodzi: masewero awiri oyamba, kenako omaliza. Chigawo chilichonse chikhale mphindi 25 kapena 30. Yambani 9 koloko m'mawa, chifukwa mvula ya Disembala imakonda kugwa masana, ndipo omaliza akachedwa amathera mumdima ndi mkangano. Udzu utchetchedwe pa 22 kapena pa 23, mizere ilembedwe ndi laimu kapena phulusa m'mawa wa tsikulo.

Ndewu za pampira zimachokera pa zinthu zitatu, ndipo zonse n'zopeweka. Woyimbira asachokere m'mudzi wa timu iliyonse imene ikusewera. Mayina a osewera aperekedwe sabata imodzi tsikulo lisanafike, ndipo mugwirizane ngati anyamata obwera kutchuthi kuchokera m'tauni akuloledwa, komanso angati pa timu. Lamulo la mapenate likakhala kuti afanana mphamvu linenedwe masewero asanayambe. Mphoto, kaya ndi mbuzi, mpira watsopano kapena ndalama, ionetsedwe kwa anthu m'mawa, ndipo ya amayi isakhale yongotsalira. Mowa usagulitsidwe m'mphepete mwa bwalo. Kukayamba ziphaliwali imitsani masewero, anthu alowe m'makalasi, asabisale pansi pa mtengo.

Magule alowe pakati pa masewero oyamba ndi omaliza. Gulu lililonse la mganda kapena chimtali lipatsidwe mphindi 15 mpaka 20, ndipo pakhale wosunga nthawi amene onse amamulemekeza. Chikopa cha ng'oma chimalefuka ndi chinyezi, ndiye pambali pa bwalo pakhale kamoto kowambira. Zofupa zonse zikhale za gulu lovinalo. Ngati kwanuko kumatuluka gule wamkulu, zimenezo ndi za amfumu ndi eni dambwe: iwo ndiwo anene nthawi ndi malo, ndipo zisagundane ndi mapemphero kapena mpira.

Chomaliza: masiku otsala mpaka pa 1 Januwale

Pakati pa 27 ndi 30 Disembala abale amakhala akadali pamodzi, ndipo mwayi wotere subweranso mpaka chaka chamawa. Patulani madzulo amodzi, mowa usanalowe m'mutu mwa aliyense, mukambirane za denga la agogo limene likudontha, fizi ya ana amasiye, malire a munda, ndi chiliza ngati chilipo choti chimangidwe ikatha mvula. Wina alembe zimene mwagwirizana, wopereka chiyani ndi liti, ndipo azitumize pa WhatsApp kwa amene sanabwere. Alendo athanzi lawo atengeko khasu m'mawa umodzi, poti udzu kumunda sudziwa tchuthi.

Usiku wa pa 31 ena amachezera kutchalitchi, ena amadikira 12 koloko pakhomo ndi ng'oma, zitini ndi nthungululu. Makombola asaphulitsidwe pafupi ndi nyumba zaudzu kapena m'manja mwa mwana, ndipo matayala asawotchedwe pamsewu, chifukwa utsi wake umapweteka m'chifuwa komanso moto umawononga phula. Nkhuku imodzi ndi makilogalamu 2 a mpunga munasunga aja ndizo za pa 1 Januwale. Thobwa lake likhale latsopano, phala liphikidwe madzulo a pa 30.

Obwerera ku tauni ayesetse kunyamuka pa 28 kapena pa 29, kapena adziwiretu kuti pa 2 Januwale maminibasi amadzaza ndipo mtengo umakwera, choncho ndalama yobwererera isungidwe padera tsiku lomwe afika. Miphika, mabenchi ndi ndowa zobwereka zibwezedwe pasanathe masiku awiri, zotsuka, ndipo chimene chasweka chinenedwe ndi kulipidwa. Komiti ya mpira ndi msungichuma wa gulu la mbuzi awerenge poyera ndalama zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka sabata yoyamba ya Januwale isanathe, ndipo chotsala chilembedwe m'kope pamaso pa mboni ziwiri.